Blantyre Winayo ndi Mapiri a Mtovu

Njinga idali ya malemu amuna awo a mayi amene ndinkakhala m'nyumba mwawo ku Glasgow. Idakhala m'kashedi kuseri kwa nyumba zaka zinayi osakwerapo munthu, matayala ali phwa, tcheni chitagwira dzimbiri. Nditaipempha, mayiwo adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, makamaka pamimba pomwe ntchito ya mu ofesi idasiya chizindikiro chake, n'kundifunsa ngati ndidakwerapo njinga chibadwire. Ndidaseka. Munthu wokulira ku Chiradzulu safunsidwa zotero. Ine ndidanyamulapo matumba awiri a chimanga pakaliyala kupita nawo kuchigayo ndisanamere ndevu. Chomwe sindidawauze n'chakuti padali patatha zaka pafupifupi 20 chipalasireni njinga.

Umu mudali mu Juni 2023. Boma lidanditumiza ku Scotland kukachita maphunziro a miyezi itatu okhudza ntchito yanga, ndipo Loweruka ndi Lamlungu ndinkangobindikira m'chipinda ngati nkhuku yofungatira. Tsiku lina ndikuyang'ana mapu ndidaona dzina loti Blantyre m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Ndidautsata mtsinjewo ndi chala kulowera kummwera, kudutsa Hamilton ndi Lanark, mpaka chala chidakaima pamapiri pomwe padalembedwa midzi iwiri, Leadhills ndi Wanlockhead. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 70. Ndidaganiza zonyamuka Loweruka, kukagona kuphiriko, n'kubwerera Lamlungu. Mnzanga wa m'kalasi adandibwereka katenti ndi chikwama chogonamo, ndipo zonsezi ndidamangirira pakaliyala ndi malegeni odula ku chubu chakale, monga timachitira kwathu. Eni dziko ali ndi zikwama zogula zopangidwira maulendo otere. Wanga katundu ankaoneka ngati wa munthu wopita kumsika wa Mbulumbuzi.

Mpaka ku Blantyre ndidakwera sitima, njinga ili pambali panga. Sitimayo imadzera ku Rutherglen, ndipo aliyense wodziwa mbiri ya mishoni ya Livingstonia ayenera kutukula mutu akafika pamenepo. Chapafupi, pamalo otchedwa Shawfield, padali fakitale ya mankhwala ya banja la White. John Campbell White, amene adadzatchedwa Lord Overtoun, ndiye adathira ndalama zambiri pa sukulu imene Dr Robert Laws adayamba kumanga ku Khondowe mu 1894, n'chifukwa chake idatchedwa Overtoun Institution. Mu 1899 Keir Hardie, munthu amene adalowa mumgodi wa malasha ali ndi zaka 10, adaulula poyera momwe antchito a ku Shawfield ankavutikira: maola 12 patsiku, sabata yathunthu ndi Lamlungu lomwe, fumbi la mankhwala likuwadya m'mphuno mpaka kubooka, pomwe mwini fakitale adali wotchuka polimbikitsa anthu kusunga Sabata. Koma ndalama ilibe makutu, siimvera mwini wake. Mwa ana amene adaphunzira ku Khondowe mudali Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, amene mu 1919 adayambitsa ku Cape Town bungwe la ICU lomenyera ufulu wa antchito akuda. Ndikhulupirira kuti Lord Overtoun akadadziwa, akadaganiza kawiri asanasaine cheke.

Blantyre wa kumeneko si mzinda ayi. Ndi katawuni kabata, ka nyumba zofanana, moti munthu wa ku Ndirande atafikako angafunse kuti anthu onse apita kumaliro a yani. Kuchokera pasiteshoni mumatsetsereka pang'ono kulowera kumtsinje n'kupeza nyumba yoyera yosanjikizana, yotchedwa Shuttle Row. M'nyumba imeneyi munkakhala mabanja 24, banja lililonse chipinda chimodzi. M'chimodzi mwa zipindazi ndimo mudabadwira David Livingstone pa 19 Malichi 1813. Ndidaima pakhomo pake n'kuchiyeza ndi maso: n'chochepa kuposa maofesi ambiri a mabwana amene ndalowamo. Kuphika momwemo, kudya momwemo, kugona momwemo, makolo ndi ana asanu. Nyumbayi idasandutsidwa malo achikumbutso mu 1929, ndipo idatsegulidwanso mu 2021 itakonzedwa mwatsopano.

Kusukulu adatiphunzitsa Livingstone wa chipewa, wotulukira nyanja imene makolo athu ankaphamo usipa kuyambira kalekale. Za mwana wa m'fakitale sadatiuze. Fakitale ya thonje ya pa Blantyre idayamba mu 1785, makina ake akuyendetsedwa ndi madzi a Clyde. Agogo ake aamuna a Livingstone adabwera kudzafuna ntchito pano mu 1792 kuchokera pachilumba cha Ulva, komwe dzinthu sizinkakwananso. Ali ndi zaka 10, David adalowa ntchito yolumikiza ulusi ukaduka pamakina opota. Ntchitoyo inkayamba 6 koloko m'mawa n'kutha 8 koloko usiku. Mwana ankayendayenda, kuwerama ndi kukwawa pakati pa makina akuzungulira, m'chipinda chotentha ndi chachinyezi, chomwe ankachisunga chotero dala kuti ulusi usamaduke. Akaweruka ankalowa sukulu ya kampani mpaka 10 koloko. Ndi gawo la malipiro ake oyamba adagula buku la galamala ya Chilatini, ndipo atakwezedwa kukhala wopota ankaika buku pamakina n'kumawerenga chiganizo chimodzichimodzi akamadutsa. Adatha zaka 13 ali m'menemo asanayambe maphunziro a udokotala ku Anderson's College mu 1836. Ena amadabwa kuti mzungu ameneyu ankatha bwanji kuyenda pansi miyezimiyezi malungo ali m'thupi. Ine nditaona pomwe adakulira kudabwa kwanga kudachepa.

Thonje la m'fakitalemo silinkalimidwa ku Scotland. Linkachokera kutsidya kwa nyanja ya Atlantic, m'minda yolimidwa ndi akapolo otengedwa ku Africa, ndipo Livingstone ankazidziwa bwino zimenezi. Atafika m'chigwa cha Shire mu 1859 n'kuona Amang'anja akulima thonje, kupota ndi kuomba nsalu zawozawo, adayesa kuti wapeza mankhwala a nthenda ziwiri pamtengo umodzi. Thonje la anthu aufulu a kuno likagulitsidwe ku Britain, kuti minda ya akapolo ku America igwe, komanso kuti mafumu a kuno apeze chogulitsa china m'malo mwa anthu. Adali maganizo abwino ndithu, a munthu woudziwa ulusi ndi zala zake. Chidandikondweretsa m'nyumba yachikumbutsoyo n'chakuti tsopano amawatchula ndi maina anthu amene ankayenda naye: Susi, Jacob Wainwright, ndi Chuma, mnyamata wachiyao amene adamasulidwa kwa ogula anthu mu 1861, n'kudzakhala mmodzi wa otsogolera ulendo wonyamula mtembo wake kuchokera kwa Chitambo mu 1873 mpaka ku Bagamoyo.

Koma thonje la malonda litafikadi kwathu, lidafika ndi nkhope ina. Mwana wamkazi wa Livingstone, Agnes, adakwatiwa ndi Alexander Low Bruce wa ku Edinburgh, ndipo banja limeneli ndilo lidatenga malo a ku Magomero, maekala oposa 150,000. Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique ankapatsidwa pokhala, koma lendi yake idali thangata, kulima thonje la mwini malo miyezi imene munthu amayenera kukhala m'munda mwake. Matchalitchi amene otsatira a John Chilembwe ankamanga pamalowo ankatenthedwa. Pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe adapha manijala wa esitetiyo, William Jervis Livingstone. Ine ndine Mlomwe. Mawu oti thangata sindidayambe kuwaona m'buku. Ndidawamva kwa agogo anga aakazi, amene ankawatchula motsitsa mawu ngati dzina la nthenda yoopsa. Choncho nditaima m'chipinda chija cha pa Shuttle Row sindidadziwe kuti mtima ndiuike pati. Mwanayo ndidamumvera chisoni, munthuyo ndimamulemekeza, koma zomwe zidatsata pambuyo pake ndidakulira pamwamba pake.

Ndisanauyambe ulendo ndidakhotera kumanda a ku High Blantyre, komwe kuli chipilala cha anthu ofera mumgodi. Pa 22 Okutobala 1877 mpweya woyaka udaphulika m'migodi ya malasha ya kampani ya William Dixon n'kupha anthu oposa 200, ena mwa iwo tianyamata. Palibe ngozi ya mumgodi ku Scotland imene idaposa imeneyi. Patangotha miyezi yowerengeka, akazi amasiye 34 adatulutsidwa m'nyumba za kampani, poti nyumba ya kampani ndi ya wogwira ntchito, ndipo wogwira ntchitoyo adali kumanda. Taonani zaka zake, awerengi. Mishoni ya Blantyre wathu idakhazikitsidwa mu Okutobala 1876 pamalo a mfumu Kapeni. Chaka chimodzi chokha chitatha dzinali litabzalidwa kwathu ngati mbendera ya chitukuko, eni dzina adali pakamwa pa mgodi kudikira mitembo.

Ndidanyamuka dzuwa lili pamutu. Mwayi wake magalimoto kumeneko amayenda kumanzere monga kwathu, tero mutu sudazungulire. Idazungulira ndi miyendo, imene pofika ku Hamilton idali itayamba kale kundifunsa mafunso. Kutsidya kwa mtsinje kuli Motherwell, komwe kudali fakitale yaikulu yazitsulo ya Ravenscraig, imene idatsekedwa mu 1992. Mwini njinga imene ndidakwera adagwirako ntchito mpaka tsiku lomaliza, ndipo mayi aja adandiuza kuti njingayi ndiyo ankayendera posaka ntchito ina. Dera lonseli lidali la malasha ndi chitsulo. Lero mumaona udzu, nyumba zatsopano ndi timapiri tozungulira bwino kwambiri moti munthu umakayika ngati n'tachilengedwe. Tambiri ndi milu ya zinyalala za m'migodi imene idamera tchire. Pali chinthu china chimene sindidachiyembekezere m'mbiri ya dziko la azungu. Mu 1606 nyumba ya malamulo ya Scotland idalamula kuti wokumba malasha kapena wophika mchere asachoke kwa bwana wake popanda chilolezo. Mgodi ukagulitsidwa anthu ankapita nawo limodzi, ndipo ana ankalowa m'goli la makolo awo. Lamuloli lidatheratu mu 1799, kutatsala zaka 14 zokha kuti Livingstone abadwe.

Msewu wa m'chigwa cha Clyde ndi wokoma, wamithunzi, wodutsa m'minda yakale ya zipatso, koma pokwera ku Lanark pali chitunda chimene ndidachimaliza ndikukankha. Kuchokera pamenepo mumatsikanso m'chigwembe chakuya n'kuona mwadzidzidzi nyumba zazitali zamiyala zitandanda m'mbali mwa mtsinje. Uyu ndiye New Lanark. David Dale, yemwenso adali ndi dzanja pa fakitale ya Blantyre, adasankha malowa mu 1785 pamodzi ndi Richard Arkwright kaamba ka mathithi a Clyde ali chakumtunda kwake. Madzi adalipo, anthu ndiwo adasowa, pakuti alimi a m'deralo sankafuna kutsekeredwa m'nyumba tsiku lonse. Dale adatenga ana amasiye mazanamazana m'nyumba zosungira osauka za ku Glasgow ndi Edinburgh. Mu 1791 chombo chodzaza anthu a kumapiri a kumpoto, amene ankasamukira ku America, chidabwezedwa ndi mphepo ku Greenock. Dale adawalonjeza nyumba ndi ntchito, ambiri n'kutsala.

Mkamwini wa Dale, Robert Owen wa ku Wales, adatenga utsogoleri mu 1800, ndipo ndiye adatchukitsa malowa. Adaleka kulemba ntchito ana osakwana zaka 10. Adachepetsa maola. Adatsegula sitolo yogulitsa katundu wabwino pamtengo wotsika, phindu lake n'kumathandizira sukulu. Mu 1816 adatsegula nyumba yophunziriramo, momwe tiana tongoyamba kuyenda tinkasungidwa amayi awo ali pantchito, akuluakulu n'kumaphunzira madzulo. Kumenya mwana kudali koletsedwa, ndipo kuvina ndi kuimba zidali mbali ya maphunziro. Alendo ankachokera m'maiko akutali kudzaona fakitale yopanga phindu popanda chikoti. Komabe Owen adali bwana, ndipo bwana wabwino amafuna kudziwa zonse. Pafupi ndi wantchito aliyense ankapachika kathabwa ka mbali zinayi: yakuda, yabuluu, yachikasu ndi yoyera. Kapitawo ankatembenuza mbali yosonyeza khalidwe la munthuyo dzulo lake, kuti aliyense wodutsa aone. Ife a m'boma amene timadzaza mafomu oyeza kagwiridwe ka ntchito chaka ndi chaka tisadzitame, nzeruyi n'njakale. Adakhazikitsanso kagulu koyendera m'nyumba kuona ukhondo, ndipo amayi a m'mudzimo adakapatsa dzina loti osaka nsikidzi, ena n'kumakatsekera zitseko. Thonje lake lokha silidasinthe, lidali la akapolo lomwe lija. Makina a pano adaima mu 1968, ndipo mu 2001 bungwe la UNESCO lidaika mudziwu m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse. M'nyumba imodzi yopotera ulusi tsopano muli hotela. Ndidafunsa mtengo wa chipinda mwachidwi chabe, kenaka n'kuyamba kukakonda katenti kanga.

Kuchokera ku Lanark ndidaoloka Clyde pamlatho wakale wa Hyndford n'kulunjika kummwera, phiri la Tinto lili kudzanja lamanja. Mitengo idayamba kuchepa, nkhosa n'kumachuluka. Ndisanafike ku Abington tayala lakumbuyo lidaphwa. Ndili mkati momata chubu padaima bambo wina wachikulire, mlimi, galu ali kumbuyo kwa kagalimoto kake. Atamva kuti ndine wa ku Malawi nkhope idawala. Adati mpingo wawo udasonkhapo ndalama zomangira sukulu kwathu, ngakhale dzina la boma lake lidamuthawa. Izi sizachilendo kumeneko. Chiyambireni pangano la ubale limene Jack McConnell ndi Bingu wa Mutharika adasaina mu 2005, n'kovuta kupeza tawuni ya ku Scotland yopanda sukulu kapena mpingo wokhala ndi abwenzi ku Malawi. Adayang'ana malegeni anga nthawi yaitali, n'kunena kuti bambo ake ankamanga katundu chimodzimodzi.

Kuchokera ku Abington mpaka ku Leadhills ndi makilomita 10 okha, koma ndi chikweza chokhachokha motsata kamtsinje ka Glengonnar. Mapiri ake ndi ometa mpala, opanda mtengo, ovala udzu ndi katchire kakafupi. Wotchi inkati 8 koloko usiku, dzuwa linkati 4 koloko masana. Kumeneko mu Juni limalowa cha m'ma 10 koloko, ndipo mdima weniweni sufika n'komwe. M'mbali mwa msewu mudayamba kuoneka milu yotuwa ya miyala yoswedwa, pomwe sipamera kanthu ngakhale patha zaka zambirimbiri. Ndidalowa m'mudzi ndikukankha njinga, miyendo ikunjenjemera.

Leadhills ndi mudzi wa tinyumba tatifupi tomwazikana paphiri mosatsata mzere, chifukwa eni migodi ankalola wokumba aliyense kudzimangira yekha ndi kulima kadimba pamalo ogonera, mwinanso kuweta ng'ombe imodzi. Mtovu wa pano unkapita kukafolera matchalitchi, kupanga mipope ya madzi, utoto ndi zipolopolo. M'timitsinje tomweti munkapezekanso golide, ndipo wina mwa golide wa chisoti chachifumu cha Scotland, chimene chidasulidwanso mu 1540, adachokera m'mapiri ano. Kumanda kuli mwala wa mkulu wina wokumba mtovu, John Taylor, wolembedwa kuti adamwalira ali ndi zaka 137. Ndagwirapo ntchito yoona zikalata za anthu opuma pantchito, tero zaka zoterezi ndimazilandira mwaulemu koma osasaina. Chapafupi pali chipilala cha William Symington, mwana wa m'mudzi muno, amene mu 1803 adayendetsa boti la nthunzi lotchedwa Charlotte Dundas pangalande ya Forth and Clyde. Patangotha zaka 72 sitima ya nthunzi ya Ilala idali ikuyandama panyanja yathu.

Koma chimene ndidadzera ndi kanyumba kamodzi ka pamsewu waukulu, komwe ndidakapeza kotseka poti kudali kutada, kunena za wotchi. Ndidasuzumira pawindo n'kuona mashelefu a mabuku a zikuto zachikopa. Iyi ndi laibulale ya anthu okumba mtovu, imene idayamba mu 1741, yakale kuposa ina iliyonse ku Britain mwa malaibulale oyendetsedwa ndi zopereka za mamembala. Adaiyambitsa anthu 23, pafupifupi onse okumba mgodi, kuphatikizapo mbusa ndi mphunzitsi wa m'mudzimo. Zidatheka bwanji? Cha m'ma 1735 kampani ya migodi idalemba James Stirling, katswiri wa masamu, kukhala manijala. Iye adatsitsa maola a pansi pa nthaka kufika pa 6 patsiku, n'kukhazikitsa thumba lothandiza odwala. Anthu atapeza nthawi ndi kandalama kotsala, adasonkherana n'kuyamba kuitanitsa mabuku.

Ndidakhoma tenti pakati pa midzi iwiriyi, m'mbali mwa njira yakale ya sitima. Lamulo la ku Scotland la mu 2003 limalola munthu kugona kutchire pamalo ambiri, bola asaononge kanthu ndipo asasiye zinyalala. Palibe kukapempha kwa a nyakwawa. Eni malo enieni ndidawadziwa mphepo itangoleka: tizilombo totchedwa midges, tating'ono ngati nkhungu za kunyanja koma toluma ngati linthumbu. Buledi wanga wa chiponde ndidadyera m'tenti zipi ili chitsekere. Pamwamba pa phiri la Lowther pankaoneka chimpira choyera cha makina olondolera ndege. Anthu a ku Wanlockhead amanyadira kuti mudzi wawo ndiwo uli pamwamba kuposa midzi yonse ya ku Scotland, mamita 467 kuchokera pa nyanja yamchere. Sindidafune kuwakhumudwitsa powauza kuti asodzi a ku Nkhotakota amapalasa bwato pamwamba pang'ono kuposa pamenepo. Komatu kuzizira kwake n'kwa pa Mulanje.

Tulo tidavuta, kunja kuli mbuu ngati m'bandakucha usiku wonse. Ndidayamba kuganiza za njinga imene ndidaphunzirira kupalasa. Idali ya malume anga, yakuda, yolemera, ya mabuleki a ndodo, ndipo adabwera nayo kuchokera kumigodi ya ku Joni m'zaka zoyambirira za m'ma 1970, pamodzi ndi sutikesi yachitsulo ndi wailesi. Ankaipukuta Loweruka lililonse ngati mwana. Adabweranso ndi chifuwa chimene sichinkamva mankhwala, ndipo ndicho chidawatenga ndili Fomu 2. Ife ana tinkaona njinga ndi wailesi. Chifuwacho tinkangoti ndi ukalamba, chonsecho munthuyo sadafike zaka 55. Usiku umenewo ndidagona pamwamba pa mapanga okumbidwa ndi anthu amene ankafa imfa yofanana, pambali panga patagona njinga ya munthu wina wa m'fakitale amene sindidamuonepo.

M'mawa ndidatsikira ku Wanlockhead, komwe kuli nyumba yosungira mbiri ya migodi ya mtovu. Adativeka zipewa zolimba n'kutilowetsa mumgodi wa Lochnell. Ndi mpata wopapatiza, wonyowa, wozizira, madzi akudontha m'khosi. Anthu ankakumba ndi nyundo, tchizulo ndi onga, kuunikira ndi kandulo yogula okha. Sankalembedwa pamwezi ayi. Kagulu ka amuna angapo kankapangana ndi kampani mtengo wa ntchito yakutiyakuti, ndipo malipiro ankabwera patatha miyezi yambiri, nthawi zina chaka chathunthu. Podikira ankatenga ufa ndi makandulo pangongole kusitolo ya kampani. Wolima fodya pa esiteti ngati tenanti sangafune womumasulira zimenezi. Tianyamata ta zaka 8 kapena 9 tinkatsuka miyala mumtsinje, dzinja ndi chilimwe. Utsi wa ng'anjo zosungunulira mtovu unkagwera paudzu n'kumapha ng'ombe, agalu ndi nkhuku, ndipo anthu ankadwala m'mimba ndi kufooka manja. Adandipatsa mwala wa mtovu kuti ndiugwire: wonyezimira ngati siliva, waung'ono ngati dzira koma wolemera modabwitsa.

Kumunsi kwa mudzi kudakali chipangizo chimene chidandigwira mtima kuposa zonse, mjigo wodzipopa wokha. Ndi mtanda waukulu wathabwa wokhazikika pamwala. Mbali imodzi kunkalendewera chidebe, mbali inayo ndodo ya pampu yotsikira mumgodi. Madzi a paphiri akadzaza chidebe, chinkatsika n'kukoka pampu. Chikafika pansi chinkakhuthula n'kukweranso. Popanda malasha, popanda munthu, usana ndi usiku, madzi akuchotsa madzi anzake.

Wanlockhead nayenso ali ndi laibulale yake, ya mu 1756, ndipo iyi ndidalowamo. Muli mabuku a zachipembedzo, mbiri, maulendo, sayansi ya miyala ndi ndakatulo. Membala ankalipira polowa ndiponso chaka ndi chaka, wodetsa buku ankalipitsidwa, ndipo mabuku ogula ankasankhidwa ndi mamembala eni ake pamsonkhano. Mu 1803 Dorothy Wordsworth adadutsa pano ndi mlongo wake William ndi mnzawo Coleridge, ndipo adalemba kuti adakumana ndi tianyamata topanda nsapato tomwe tinkaphunzira Chilatini ndi Chigiriki kusukulu ya m'mudzimo. Ife alembi tikakumana sitichedwa kudandaula kuti Amalawi sawerenga, ndipo chifukwa chimene timapereka ndi umphawi. Ndakhala ndikuvomereza nawo, koma m'chipinda chija mawuwo adandikanika pakhosi. Anthu awa adali osauka, a ngongole, a zifuwa. Chimene adali nacho ndi maola otsala ntchito ikatha, sukulu ya m'mudzi yophunzitsa aliyense kuwerenga, ndi bungwe laolao lomwe sankadikira kuti wina awabweretsere. Kwathu timatha kusonkherana mwezi ndi mwezi m'mabanki a m'mudzi ndi m'magulu a zamaliro, osaphonya. Sindidamvepo gulu losonkherana kugula mabuku, ndipo inenso sindidayambitsepo.

Migodi ya ku Leadhills idatsekedwa mu 1928, ya ku Wanlockhead mu 1934, mtengo wa mtovu utagwa. Adayesanso m'zaka za m'ma 1950 koma sizidapite patali. Njanji yochokera ku Elvanfoot, imene idafika kuno mu 1901 ndi 1902, idaleka kuyenda mu 1938. Idabwera mochedwa, ngati mvula ya mu Epulo. Anthu adabalalika, ena kumigodi ya malasha, ena kutsidya kwa nyanja. M'midzi yonse iwiri mwatsala anthu mazana owerengeka. Nthaka ndi madzi a timitsinje tina zidakali ndi mtovu mpaka lero. Ndikulemba izi dziko lathu lili pachiyembekezo chachikulu cha migodi, ndipo mu ofesi timamva maina a Kangankunde, Kasiya ndi Songwe pafupifupi sabata iliyonse. Tidaonapo kale mgodi wa Kayelekera ukutsegulidwa mu 2009 n'kuimitsidwa mu 2014 mtengo wa yureniyamu utatsika. M'mapepala amene amadutsa patebulo langa mumalembedwa bwino za chaka choyamba kukumba ndi msonkho woyembekezeka. Ndime yonena za chaka chotseka imakhala yaifupi, ndipo kawirikawiri ili kumapeto, komwe owerenga amafika atatopa.

Kuchokera ku Wanlockhead msewu umatsika ndi mpata wa Mennock, makilomita pafupifupi 10 osapalasa ngakhale kamodzi, mapiri obiriwira atatsekereza uku ndi uku, nkhosa zitagona pakati pa msewu mopanda mantha. Mumtsinje ndidaona anthu awiri atavala majombo akusefa mchenga m'mbale, kusaka golide wongosangalatsa mtima. Zala zidachita dzanzi ndi kufinya mabuleki. Chakummwera kwa kumene msewuwo umathera kuli mudzi wa Keir, kwawo kwa Kirkpatrick Macmillan, wosula zitsulo amene anthu a kumeneko amati ndiye adayamba kupanga njinga yopalasa ndi mapazi cha m'ma 1839, ngakhale akatswiri ena a mbiri amatsutsa. Ndidafuna kukafikako, koma matako adakana.

Ndidakhotera ku Sanquhar, komwe kuli siteshoni ya sitima ndi positi ofesi imene idatsegulidwa mu 1712. Poti lidali Lamlungu, khadi limene ndidalembera ana anga ndidangoliponya m'bokosi lofiira la panja. Sitima ya ku Glasgow ndidaidikira maola awiri, nsapato nditavula. Nditafika kunyumba mayi aja sadandifunse za Livingstone kapena za migodi. Adaizungulira njinga, adagwira tcheni, n'kundifunsa ngati giya yachitatu ikudumphabe, pakuti amuna awo ankadandaula nayo masiku onse. Ndidawauza kuti ikudumphabe.